Maso a Sipanala ndi Makutu a Singano

Dzina lenileni la a Sipanala linaiwalika kalekale, moti eni ake akaitanidwa nalo kuchipatala ankayamba acheuka kuti aone ngati pali wina amene adzuke. Anagwira ntchito yokonza mainjini a maboti kudoko kuyambira asanamere ndevu mpaka tsitsi litayera. Ntchitoyo inawapatsa manja okhakhala, dzina limeneli, ndi kanyumba ka zipinda ziwiri, koma inawalanda makutu. Munthu wotandala m'mimba mwa boti injini ikugunda pafupi ndi mutu satulukamo ndi makutu ake onse. Kuti amve, zinkafunika kuwayandikira kumanzere n'kulankhula ngati ukuitana munthu ali kutsidya.

Akazi awo anali telala. Anthu ankawatcha a Singano, ena amati chifukwa cha ntchito, ena amati chifukwa cha lilime, ndipo onsewo sankanama. Iwo ntchito inawalanda maso. Ulusi wakuda pansalu yakuda unayamba, ng'ala inabwera kudzamaliza. Chapafupi ankasokabe mongopapasa, koma chapatali zinthu zonse zinkangoti mbuu ngati utsi. Koma makutu ndiye ayi ndithu, ankamva mphaka akuyenda padenga la aneba.

Choncho pakhomopo panali mmodzi woona ndi mmodzi womva. A Sipanala ankakonda kunena kuti iwo awiri akaphatikizana amakwana munthu mmodzi wathunthu, n'kutsalako miyendo iwiri ya sipeya.

Za mbalame sizinali m'mutu mwawo poyamba, tisanamizane. Kudambo ankapitira kukakangana. Masiku amenewo ankakhala m'nyumba zalendi za mdadada, zija munthu akayetsemula uku wa chipinda china amati pepani. Ndiye taganizani kukangana ndi mwamuna wosamva m'nyumba yoteroyo! A Singano akati adzudzule pang'ono, mdadada wonse unkamva. Tsiku lina pampopi mayi wina anawafunsa mosachita n'komwe manyazi kuti, "Nanga nkhani ya mlamu wanu ija inatha bwanji? Ife tinachoka isanathe." Kuyambira tsiku limenelo, zikavuta a Singano ankangoti, "Tiyeni kudambo," ndipo a Sipanala ankavala nsapato akudziwa kuti kwatentha.

Dambolo linali kuseri kwa doko, pamene mtsinje umafika kunyanja yamchere n'kumwazikana m'matope ndi m'mabango. Kalelo kunalibe mpanda, kunalibe chipata. Kunali kanjira ka asodzi, fungo la matope, tinkhanu tothawira m'mauna munthu akamayandikira, ndi mitengo ija yomera m'madzi amchere, ya mizu yoima poyera ngati miyendo ya mpando. Madzi a m'nyanja akadzaza kanjirako kankamira, akaphwa kankatulukanso. Kumeneko munthu ankatha kukuwa mmene wafunira popanda wokanena pampopi.

Tsiku lina nkhani inali ya mng'ono wa a Sipanala, amene anabwera kudzacheza n'kuiwala njira yobwerera. A Singano anali atakoka mpweya kuti athire mawu omaliza, koma anangoima, chala m'mwamba.

"Tamverani!"

"Mwati bwanji?"

"Ndati tamverani! Kukulira kanthu m'mabangomo."

"Ine kumvera? Mwaiwala amene mukulankhula naye?"

A Singano anawagwira mkono n'kuwatembenuza ngati kasitomala amene akumuyeza chiuno. A Sipanala anaponya maso, ndipo anakaonadi: kambalame katakakamira bango, kukamwa kuli yasa, khosi likunjenjemera, koma kwa iwo kuli zii.

"Ndakaona."

"Kakuoneka bwanji?"

Zoona zake n'zakuti kambalameko kanali kotuwa mofiirira ngati chiguduli chopukutira oyilo. Koma a Sipanala anali munthu ali pamlandu, ndipo anaona khomo lothawira.

"Eee, amayi, musanene! Kavala jekete ya velveti yofiira, kolala yoyera yositidwa bwino. Pachifuwa mabatani agolide."

"Bodza!"

"Zoona. Atatu."

A Singano anaseka mpaka kugwira m'nthiti, nkhani ya mlamu ija n'kugwera m'matope. A Sipanala ataona kuti zayenda anafunsa nawonso kuti, "Nanga kakulira bwanji?" Akazi awo anapendeketsa mutu, n'kuwauza m'khutu lakumanzere kuti, "Ngati lamba wa injini akakhwepa, koma mokoma. Kenaka ngati wina akutsanulira oyilo m'botolo." A Sipanala anaima kakasi, chifukwa anakamvadi kambalameko. Anakatcha Mkwati. Mlamu uja anakhalabe pakhomo miyezi ina yambiri, koma mkanganowo sunapitirire.

Mmenemo ndi mmene zinayambira. Loweruka lililonse, kaya pali nkhani kaya palibe, ankapita kudambo. A Singano ankagwira chigongono cha amuna awo, ndipo akamva kulira ankafinya mkonowo n'kuwatembenuza. A Sipanala ankayang'ana n'kuisokera mbalameyo zovala: mpendero wakuda pamapiko, sikafu yoyera pakhosi, masokosi achikasu. A Singano ankabweza ndi kulira kwake m'chilankhulo cha kudoko: iyi ikugogoda ngati pisitoni, iyo ngati injini yokana kulira m'mawa kukuzizira. Woyendetsa boti wina anawasiyira magalasi oonera patali, mbali imodzi yomangidwa ndi tepi, ndipo a Sipanala ankawasamala kuposa jekete yawo ya kutchalitchi.

Mbalame zonse zinalandira mayina. Chimeza chija choima duu m'madzi, suti yotuwa, mutu wowerama, chinali Abusa. Akakowa anali Anamwino. Zija za miyendo yaitali ndi milomo yokhota, zobwera chaka ndi chaka kuchokera kutali n'kudzasowanso, zinali Alendo, ndipo a Singano ankati bola alendo amenewa amadziwa kubwerera kwawo. Pa mbalame zonsezi a Sipanala ankanena zoona. Bodza linali limodzi lokha, la Mkwati, ndipo ankalibwereza mosaphonya batani, chifukwa ankaona mmene nkhope ya akazi awo inkawalira.

Ana anabadwa, anayenda nawo kudambo ali kumsana, kenaka akuthamangitsa nkhanu, kenaka akudandaula kuti anzawo amawaseka, mpaka anakula n'kumwazikana. Doko linasintha, maboti akale anawaphwasula, anzawo a a Sipanala ankapita mmodzimmodzi. Dambo nalo analitchingira mpanda n'kulisandutsa malo otetezedwa. Anaika chipata ndi mlonda, anayala njira ya matabwa pamwamba pa matope, anamanganso kanyumba kobisalamo poonera mbalame. Kunayamba kubwera anthu a zipewa zazikulu ndi makamera aatali. Mmodzi wa iwo, munthu waulemu ndithu, anawauzapo dzina la m'buku la Mkwati, koma pofika pachipata onse awiri anali ataliiwala. A Sipanala ankadandaula kuti matabwa athamangitsa fungo la kale, koma mumtima ankayamika, chifukwa mawondo anali atayamba kulankhula. Mlonda ankawatcha eni dambo.

Kenaka maso a a Sipanala nawo anayamba kuwathawa. Chinayamba ngati kadontho ka oyilo pakati pa chilichonse chimene ayang'ana. Ankapukuta magalasi, kadonthoko kosachoka. M'mbali ankaona ndithu, koma pakati, pamene pamakhala nkhope ya munthu kapena mbalame, pankangoti bii. Anapita kuchipatala okha, atanamizira kuti akukaona anzawo kudoko. Dokotala anawauza mosabisa kuti imeneyi si ng'ala yoti n'kuichotsa, ndi mkati mwa diso mmene mwatopa, ndipo zizipitirira pang'onopang'ono.

Sanauze munthu, ndipo chifukwa chake chinalipo. Mwana wawo wamkazi, chitsirizira, ankakhala pafupi ndipo ndiye ankawayang'anira. Anali wachikondi koma wosagonja, lilime analitengera kwa mayi ake. Tsiku lina a Singano atatereka pamatabwa n'kusupuka bondo, mwanayo ananena poyera kuti, "Njira ija ilibe chogwirira, pansi pake ndi matope omeza munthu. Ndikukulolani chifukwa ababa amaona. Tsiku limene maso awo adzayambe kuvuta, za kudambo zidzathera pomwepo." Mawu amenewa a Sipanala anawamva bwinobwino, ngakhale anali osamva. Ndipo iwo popanda dambo ankadziona ngati munthu wongodikira pakhonde kuti dzuwa lisunthe.

Choncho anapitiriza. Mapazi ankaidziwa njira, thabwa lililonse logwedera ankalidziwa. Akafinyidwa mkono ankakweza magalasi, n'kuyang'ana mdima wawo uja, n'kusoka zovala kuchokera m'mutu. Abusa anali ndi chitsa chawo, Anamwino anali ndi ngalande yawo, ndiye kulakwa kunali kovuta. Pobwerera kunyumba manyazi ankawagwira, koma Loweruka likafika ankavalanso nsapato.

Zinthu zinatembenuka pamene kuchipatala kunabwera madokotala a maso. Chitsirizira anawakoka mayi ake mpaka kukawachotsa ng'ala. Tsiku lomatula bandeji pakhomo panali chimwemwe chosaneneka. A Singano analowa m'nyumba n'kuyamba kukalipira makatani kuti anatuwa liti, anaona ming'alu yapakhoma, anaona mtundu wa mbale zimene akhala akudyeramo. Kenaka anawayang'anitsitsa amuna awo.

"Kodi abambo, munakalamba liti? Ine ndinakusiyani muli mnyamata."

Onse anaseka, a Sipanala nawo anaseka, ndipo anakondwera zenizeni. Koma mtima unali m'mwamba. Munthu amene iwo akhala akumuonera zaka zonsezi tsopano akuona yekha. Akaona kuti Mkwati ndi chiguduli. Choopsa koposa, akaona kuti mwamuna wake saona, ndipo mwana akadziwa, dambo latha.

Anayamba kuzemba. Loweruka lina linali bondo, lina kunali mitambo, lina anati madzi adzaza molakwika. A Singano ankangoti chabwino. Koma m'mawa wina anaima pakhomo la kuchipinda, manja m'chiuno, n'kunena ndi mawu aja akale a kumdadada.

"Tiyeni kudambo."

A Sipanala anavala nsapato. Chitsirizira anati apita nawo kuti akaone mayi ake akuona mbalame koyamba, ndipo bambo ake anasowa chomukanizira.

Pachipata mlonda anawalandira ndi manja awiri. "Eni dambo abwera! Tinayamba kuda nkhawa. Amayi, ndamva kuti lero mundiona kuipa kwanga."

"Ndakuonani kale, achimwene. Mawu anu ndi okongola kuposa inu."

Madzi anali ataphwa, matope akunyezimira ndi dzuwa la m'mawa. A Singano ankaima paliponse, akudabwa ndi kubiriwira kwa mabango, ndi tinkhanu ta dzanja limodzi lalikulu, ndi nyanja imene ankangoimva kuwomba. Komabe dzanja lawo linali pamalo ake, pachigongono cha amuna awo. Atafika pokhotera, pafupi ndi chitsa cha Abusa, dzanjalo linafinya mwa chizolowezi. A Sipanala anakweza magalasi. 

"Ndi Abusa aja. Ali pachitsa chawo, suti yotuwa, lero aweramitsa mutu kwambiri, kaya nkhosa zawavuta. Tayi yawo yakuda ija..."

"Ababa."

Mwanayo anali atabwera kukhutu lakumanzere.

"Ababa, pachitsapo palibe kanthu. Mbalame yauluka tisanaime n'komwe."

A Sipanala anatsitsa magalasi pang'onopang'ono.  Mwana uja anaima patsogolo pawo, ndipo iwo ankaona mapewa ake ndi nsapato zake, koma nkhope ayi.

"Ndanyamula chiyani m'manjamu?"

"Botolo la madzi."

"Ndi chipewa chanu, ababa." Mwanayo anawasendera pafupi. "Zayamba liti zimenezi? Mwakhala mukuwatsogolera amayi pamatabwa awa musakuona? Mukanagwera m'matopemu ndikanauza chiyani abale anga? Ayi, tiyeni tibwerere. Pompano."

Iwo anangoweramitsa mutu ngati Abusa omwewo. Sanakwiye, chifukwa mwanayo ankanena zoona, ndipo ankalira. Anamva chisoni chachikulu, chonga chimene anamva tsiku limene anapuma ntchito n'kubweza makiyi a shedi yawo kudoko. Anatembenuka kuti azibwerera, koma dzanja la pachigongono linawakoka.

"Mukupita kuti? Taimani pomwepo." A Singano analankhula mokweza kuti onse awiri amve, moti Anamwino anabalalika m'ngalande. "Iwe, usawazuzule bambo ako ngati waba. Ine ndinadziwa kalekale."

"Munadziwa?" anafunsa mwanayo.

"Ndingalephere bwanji? Ndinkamva mapiko akuti phaphapha, mbalame yapita, bambo ako akadali mkati mosoka thumba la jekete. Tsiku lina anandivekera tayi chitsa chomwechi mpaka kumaliza."

"Ndiye munangokhala chete? Anthu awiri osaona pamatabwa opanda chogwirira!"

"Mapazi awo ndinkawamvetsera. Sanaphonyepo thabwa. Akanayamba kuphonya ndikananena." Anapuma pang'ono. "Komanso ndikanati ndinene, iwe ukanatitsekera m'nyumba. Ukuganiza kuti mpeni wa dokotala ndinauvomera chifukwa chofuna kuona makatani? Ine munthu woopa ngakhale jakisoni? Unanena wekha kuti pakhale mmodzi woona. Woonayo tsopano ndine ndaima panone."

A Sipanala anatembenukira akazi awo. Zaka zonse ankadziyesa kuti ndi iwo osunga chinsinsi.

Mwanayo sanavomere, koma sanakanenso. Anapukuta m'maso n'kunena kuti, "Ndione kaye mmene muyendere." Pamenepo a Singano anachotsa dzanja lawo pachigongono cha amuna awo, n'kutenga dzanja lokhakhala lija n'kuliika pachigongono chawo. Zinali zachilendo. Poyamba anapondana, a Sipanala akudandaula kuti dalaivala watsopanoyu amamanga mabuleki mwadzidzidzi. Koma anayenda. Amayi ankanena za ndowe za mbalame zoterera, abambo ankanena thabwa logwedera lisanafike, mwana akubwera pambuyo manja ali okonzeka kuwakha.

Anadutsa kanyumba kobisalamo mpaka kumapeto kwa matabwa, kumene mabango akale aja anatsalako. Kumeneko a Singano anaima, chala m'mwamba.

"Lamba wakhwepa," ananong'oneza mokuwa, monga ankanong'onezera nthawi zonse. "Ndi Mkwati."

Mtima wa a Sipanala unagunda ngati injini yakale. Mlandu woyamba unali utatha, koma uwu unali wachiwiri, ndipo unali wakale kuposa mwana amene anaima pambuyo pawo. Anavula magalasi m'khosi n'kuwaveka akazi awo.

"Musachotse maso pambalame. Magalasi ndi amene abwere kumaso, osati maso kupita kumagalasi. Mukaona mbuu, pukusani apa." Anawagwira zala n'kuziika pakagudumu.

A Singano anavutika kaye, anaona thambo, anaona mabango okhaokha, anatukwana tepi. Kenaka anangoti phee. Anayang'ana nthawi yaitali. A Sipanala ankadziwa bwino chimene akazi awo akuona: kambalame kotuwa, kopanda kolala, kopanda kanthu, kongokakamira bango kukamwa kuli yasa. Anadikira kuti singano ibaye. Itachedwa, anafunsa okha ndi mawu aang'ono.

"Kakuoneka bwanji?"

A Singano sanatsitse magalasi. Anangosendera kukhutu lakumanzere.

"Jekete ya velveti yofiira. Kolala yoyera, yositidwa bwino. Pachifuwa mabatani agolide."

Chakumbali a Sipanala anaona mwana wawo akusuzumira m'mabango, ndipo anamumva akunena mokweza kuti, "Koma amayi, kameneko si..." kenaka, "Mayo!" ngati munthu amene watsinidwa.

"Atatu?" anafunsa a Sipanala.

"Awiri. Limodzi linathothoka. Ndi zaka, abambo, nanga n'kutani."

A Sipanala anaseka, misozi n'kutsikira m'makwinya, osaipukuta. Anapempha kuti awauzenso mmene kakulirira, ngakhale ankadziwa, ndipo akazi awo anawauza za lamba ndi za oyilo wotsanulira m'botolo. Anaima pomwepo mpaka madzi atayamba kubwerera m'ngalande.

Pobwerera mwana uja ankawalondola pambuyo njira yonse. Atafika pachipata anawaveka bambo ake chipewa, n'kuwerama kuyang'ana nsapato zawo zimene zidendene zake zinali zitatha.

"Izi ndiye ayi," anakuwira m'khutu lakumanzere. "Loweruka lisanafike ndikupezerani zina zosaterera."